Nsalu Zouluka pa Chitakale

Tinadzuka tambala asanaganize zolira,
Meyi atayamba kuluma zala.
Mayi anamanga mbatata zootcha m'kansalu,
zinanazi ziwiri, botolo la thobwa,
nauza Lositina: vala juzi, si ukwati uku.
Malume a Nakoma anakana kutuluka m'bulangete:
"Ndilipire minibasi kukaona thumba la mphepo?
Pitani. Ine ndilondera nandolo."

Tinatsika pa Chitakale kukali mbuu,
tiyi atagona m'mizere yake, ali nyowe ndi mame,
phiri litafunda nkhungu mpaka m'khosi.
Pabwalo anayala nsalu pa udzu,
zazitali kuposa tchalitchi chathu,
yofiira, yachikasu, ina yamawanga ngati nkhanga.
Lositina anafunsa, "Zafa?"

Kenaka moto unabangula.
Agalu a m'makomboni anayankha.
Yofiira ija inakoka mpweya,
inatupa nthiti, inagwada,
inadzuka mwaulesi ngati ng'ombe yokhuta
mpaka inaima njo, dengu lili kunsi kwake.

Bambo, amene kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri
asonkhezera bulugama m'ng'anjo ya fakitale
kuti masamba a eni ake aume,
anavula chipewa.
"Moto womwewu," anatero, osayang'ana munthu,
"ine umangondiwaula nsidze."

Mayi sanaone moto.
Anaona msoko.
Anasendera mpaka mlonda anatsokomola,
akulondola ndi maso mmene singano inayendera,
akuyeza chamumtima: mayunifolomu angati,
madiresi angati a kwaya.
"Amene anasoka ichi," anandinong'oneza,
"msana wake ndikuumva."

Mtengo wokwerera anaulemba pa bolodi.
Tinauwerenga kawiri, tinaseka.
Unali malipiro a Bambo a miyezi itatu
kuonjezapo njinga yawo ndi belu lomwe.

Koma mayi wina wa magolovesi achikopa
anakuwa kuti manja achepa pachingwe.
Bambo anandiponyera chipewa, liwiro.
Ndinawaona atakumba zidendene m'dothi,
chibaluni chikuwakoka ngati mbuzi yokana msika.
"Tayani!"
Onse anataya. Bambo anachedwa pang'ono.
Ndikulumbira, nsapato zawo zinasiya nthaka,
chala chimodzi, kaya ziwiri,
ndipo nkhope imene anatera nayo
sindinaionepo kunyumba.

Zinakwera zisanu ndi chimodzi, mwakachetechete,
kupuma moto mwa apo ndi apo.
Mithunzi yake inakwawa pamwamba pa tiyi,
othyola anaimitsa manja, madengu ali kumsana,
ngakhale kapitawo anaiwala wotchi.
Chambe anavula nkhungu kuti aone bwino.
Lositina anabaibitsa mpaka phewa linatopa,
mbatata itazizirira m'dzanja linalo.
Yachikasu inapatuka pa zinzake,
inatsata mphepo kulowera kwathu,
inachepa, inakhala ndimu, inakhala kadontho.

Tinabwerera dzuwa litapendeka,
makosi akuwawa, ndalama yatsala ya mchere basi.
Kuseri kwa nyumba, nandolo mizere inayi ali gone,
matayala a galimoto atalemba m'munda,
ndipo Malume pampando, ana ali unjiunji,
akufotokoza kachisanu ndi chiwiri:
mmene thambo linachitira chikasu,
mmene nkhuku zinabalalikira,
mmene alendo anatsikira akupepesa m'zilankhulo zitatu,
mmene iwo, a Nakoma, analowera m'dengumo
ndi kujambulitsa, bulangete lili paphewa.
"Inu mwakaona chiyani kumeneko?
Kuno chabwera chokha,
chalipiranso nandolo."

Mayi anaseka mpaka anakhala pansi.

Usiku ndinapeza Bambo pakhonde,
atatambasula zikhato pa kuwala kwa nyali.
Chingwe chinasiya mizere iwiri yofiira.
Mayi anabweretsa mafuta. Anakana.
"Zisiyeni zikhaleko kaye."

Mawa lake belu la fakitale linalira monga kale.
Anapita, chipewa pamutu,
koma pa mlatho ndinawaona ataima,
akuyang'ana utsi wa pachumuni
mmene umakwerera.